Ogonana okhaokha akusowa kotulira nkhawa m'madera a mumzinda wa Lilongwe

LILONGWE – Zinthu zitatu zomwe zinachitika motsatizana m'zaka za 2024 ndi 2025 zinamveka pa wailesi ndi m'nyuzipepala ngati nkhani zosiyana, koma zonse zikuthera pakhomo la munthu mmodzi.

Pa 28 Juni 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dziko lino linagamula kuti malamulo oletsa amuna kapena akazi kugonana okhaokha akhalebe momwe alili. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja, lomwe linkayendetsa malo ambiri kumene anthu a m'gulu limeneli ankalandira chithandizo ndi uphungu. Ndipo m'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la umoyo wa m'maganizo, kulowa m'malo mwa lamulo lakale la m'chaka cha 1948.

Munthu amene zonsezi zikumukhudza akukhala pakati pa anthu ena onse mumzinda uno. Angakhale mnyamata wochita lendi ku Kawale kapena ku Biwi, mtsikana wogulitsa kaunjika ku Area 25, kapenanso munthu wa ku Chinsapo kapena kwa Mgona amene anabadwa ndi thupi la mwamuna koma mumtima mwake amadzimva kuti ndi mkazi. Munthu woteroyo akalemedwa m'maganizo, tulo n'kumuthawa, mpaka kuyamba kulingalira zotaya moyo wake, agogoda pakhomo la yani?

Zomwe lamulo likunena

Malamulo a milandu ndi zilango omwe dziko lino likugwiritsa ntchito anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1930, mu ulamuliro wa atsamunda a ku Britain. Gawo 153 limapereka chilango cha zaka zofika 14 kundende kwa munthu wopezeka atagonana ndi mnzake m'njira yomwe lamulolo limaitcha yosemphana ndi chilengedwe. Gawo 156 limapereka zaka zisanu kwa amuna ochita zosayenera ndi amuna anzawo, ndipo gawo 137A, lomwe aphungu anavomereza mu Disembala 2010, linaonjezera chilango chofananacho kwa akazi. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 nalo limati munthu ndi mwamuna kapena mkazi potengera momwe anabadwira basi.

Amalawi ambiri anayamba kuimva nkhaniyi mu Disembala 2009 pomwe a Steven Monjeza ndi a Tiwonge Chimbalanga anamangidwa mu Blantyre atachita chinkhoswe. Khothi linawalamula kukakhala kundende zaka 14 pa 20 Meyi 2010, koma patangotha masiku asanu ndi anayi mtsogoleri wa dziko lino wa nthawi imeneyo, malemu Bingu wa Mutharika, anawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations a Ban Ki-moon. Chomwe ambiri sanachigwire nthawi imeneyo n'chakuti a Chimbalanga ankadzitenga ngati mkazi, osati mwamuna wofuna mwamuna mnzake. Iwo pambuyo pake anasamukira m'dziko la South Africa.

Mzinda wa Lilongwe nawo unaona zake. Mu Disembala 2015 amuna awiri anamangidwa ku Area 25 ndipo anawatengera kuchipatala kukawayeza magazi mosafuna iwo eni. Nduna ya zachilungamo ya nthawiyo a Samuel Tembenu inalengeza kuti mlanduwo wathetsedwa ndiponso kuti boma layamba laimika kaye kumanga anthu pa milandu yotere. Koma mu Febuluwale 2016 khothi lalikulu la ku Mzuzu, kudzera mwa woweruza a Dingiswayo Madise, linaimitsa ganizo la bomalo abusa ena atakadandaula. Kuyambira pamenepo anthu akhala akukhala pakati pa mawu awiri, a boma ndi a khothi, osadziwa kuti wapolisi amene angawagwire mawa atsata ati.

Mlandu womwe unagamulidwa mu Juni 2024 anautengera kukhothi ndi a Jan Willem Akster, nzika ya dziko la Netherlands, pamodzi ndi a Jana Gonani, omwe anabadwa ndi thupi la mwamuna koma amakhala ngati mkazi, ndipo khothi la ku Mangochi linawapatsa zaka zisanu ndi zitatu mu Disembala 2021. Oweruza atatu, a Joseph Chigona, a Vikochi Chima ndi a Chimbizgani Kacheche, anakana pempho lawo ndipo anati ngati malamulowa afunika kusintha, ntchitoyo ndi ya Nyumba ya Malamulo.

Pali mfundo imodzi yomwe imasochera m'phokoso la mkanganowu. Magawo onsewa amalanga mchitidwe umene waperekeredwa umboni m'khothi. Palibe gawo lomwe limati kudzimva mwakutimwakuti mumtima ndi mlandu, palibe lomwe limalamula namwino kukanenera wodwala kupolisi, ndipo palibe lomwe limamulanda munthu ufulu wolandira chithandizo kuchipatala cha boma. Malamulo oyendetsera dziko lino a m'chaka cha 1994 amateteza ulemu wa munthu aliyense pa gawo 19, amaletsa tsankho pa gawo 20, ndipo amateteza chinsinsi cha munthu pa gawo 21. Munthu atha kugwirizana ndi chigamulo cha khothi chija ndi mtima wonse n'kuvomerezabe kuti wodwala ndi wodwala.

Moyo wa pa lendi

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera othithikana monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi kwa Mgona. M'madera amenewa chinsinsi n'chodula. Mabanja asanu kapena kuposerapo amakhala mumpanda umodzi, bafa ndi chimbudzi n'zogawana, madzi amakatunga pampopi umodzi, ndipo mlendo akalowa m'nyumba ya wina madzulo, pofika m'mawa mpanda wonse wadziwa. Kukhalirana pafupi kumeneku ndi komwe kumapulumutsa anthu pa nthawi ya maliro ndi matenda. Koma kwa munthu amene akubisa za moyo wake, maso omwewo amasanduka mlonda wosagona.

Lipoti lomwe bungwe la Human Rights Watch linatulutsa mu Okutobala 2018, litacheza ndi anthu 45 a m'gulu limeneli mu Lilongwe ndi Blantyre, linafotokoza za kumenyedwa m'misewu, kumangidwa popanda mlandu womveka, kuthamangitsidwa pakhomo ndi kunyozedwa kuchipatala. Ambiri mwa omenyedwawo sanapite kupolisi poopa kuti wodandaula ndiye asanduka wolakwa. Apa ndi pomwe anthu a mtima wadyera amapezerapo mpata: amamukola munthu pa Facebook kapena pa WhatsApp, kenako n'kumamuopseza kuti akapanda kupereka ndalama kapena foni, amuulula kwa makolo, kwa landilodi kapena kuntchito.

Mtima wa anthu ambiri pa nkhaniyi ndi wodziwika. Kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer wa m'zaka za 2014 ndi 2015 anapeza kuti Amalawi 6 okha mwa 100 aliwonse ndi amene anati sangadandaule kuyandikana nyumba ndi munthu wogonana ndi mwamuna kapena mkazi mnzake. Mu Disembala 2016 komanso pa 13 Julayi 2023 atsogoleri a zipembedzo anatsogolera zionetsero m'mizinda ya dziko lino zokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Anthuwo anali kugwiritsa ntchito ufulu wawo. Komabe m'chikhamucho, kapena m'mbali mwa msewu, munali ana a m'mabanja omwewo amene anamva kuti nyimbozo zikuimbira iwo.

Nthawi zambiri zimanenedwa kuti mchitidwewu ndi wobwera ndi azungu. Olemba mbiri monga a Marc Epprecht anasonyeza kuti maubwenzi a amuna okhaokha ankadziwika m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, komwenso amuna ambiri a kuno ankapita kukagwira ntchito. Chomwe chili ndi umboni woonekeratu kuti chinabwera ndi azungu ndi buku la malamulo la 1930 lija.

Gwero la nkhawa

Akatswiri a zaumoyo anasiya kalekale kuona nkhaniyi ngati nthenda. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda pa 17 Meyi 1990. Mndandanda watsopano womwe maiko anauvomereza mu 2019, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022, unachotsanso m'gulu la matenda a m'maganizo anthu amene thupi lawo siligwirizana ndi momwe amadzimvera. Malawi ndi membala wa bungweli.

Chomwe chimadwalitsa ndi moyo wokhala ndi mantha tsiku ndi tsiku. Katswiri wina wa ku America, a Ilan Meyer, anafotokoza mu 2003 kuti munthu wosalidwa amasenza katundu wapadera: nkhanza zomwe wachitiridwa, kuyembekezera nkhanza zomwe sizinachitike, ntchito yobisa nthawi zonse, ndiponso kufika pokhulupirira yekha zoipa zomwe anthu amamunenera. Katunduyu akachuluka amabala matenda a kukhumudwa, nkhawa yosatha, uchidakwa ndi maganizo odzipha. Pa Chichewa anthu amangoti akuganiza kwambiri, kapena mtima ukumuwawa, ndipo ambiri amafika kuchipatala akudandaula mutu, kuphwanya m'thupi kapena kuthamanga kwa mtima, n'kubwerako ndi panado.

Kafukufuku yemwe anatsogolera ndi akatswiri a ku yunivesite ya Cape Town m'maiko asanu ndi anayi a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza zomwezi. Oposa theka la anthu omwe anafunsidwa m'maiko onsewo anali atachitiridwapo nkhanza zomenyedwa kapena kugwiriridwa, ndipo zizindikiro za kukhumudwa, nkhawa ndi kumwa mowa mopyola muyeso zinapezeka mwa ambiri.

Pa zonse, chomwe chimapweteka kwambiri ndi kukanidwa pakhomo. Kafukufuku wa mayi Caitlin Ryan ndi anzawo ku California mu 2009 anapeza kuti achinyamata omwe makolo awo anawakana kwambiri ankayesa kudzipha mowirikiza kasanu ndi katatu kuposa anzawo omwe makolo awo sanawakane. Ku America boma lili ndi njira zina zothandizira munthu wosowa pokhala. Kuno banja ndilo sukulu fizi, ndilo mpamba wa bizinesi, ndilo lodwazika matenda, ndilonso loika maliro, choncho mwana wothamangitsidwa ku Area 23 amataya zonsezi tsiku limodzi. Mabanja ena, pofuna kuthandiza, amapita naye mwanayo kumapemphero otulutsa ziwanda kapena kwa sing'anga, ena amamukakamiza ukwati. Mu 2020 katswiri wa bungwe la United Nations a Victor Madrigal-Borloz anapempha maiko kuti aletse njira zoyesa kumusintha munthu mokakamiza, ponena kuti zimavulaza. Ukwati wokakamiza nawo suvulaza mmodzi yekha, pakuti mkazi kapena mwamuna wokwatiwa kapena kukwatira m'chimbulimbuliyo amalowa m'mavuto omwe sanawaputepo.

Vuto la kudzipha lakula m'dziko muno pakati pa anthu onse. Apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha, kuyerekeza ndi 116 m'miyezi yomweyo chaka cha 2019, ndipo ambiri anali amuna. Zifukwa zomwe zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole, ulova ndi mikangano ya m'banja. Banja lomwe mwana wake wadzipha atauluridwa za moyo wake silingaimirire pamaliro kunena chifukwa chenicheni.

Chithandizo chilipo chochepa kwa aliyense

Kunena chilungamo, Mmalawi aliyense wovutika m'maganizo amavutika kupeza thandizo. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo ndi chimodzi chokha, cha ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera mu Lilongwe. Mumzinda uno muli chipatala cha St John of God ku Area 43, cha mpingo wa Katolika, chomwe chakhala chikugwira ntchito mogwirizana ndi boma, ndipo bungwe lomweli lilinso ku Mzuzu. Madokotala aakulu a matendawa ndi owerengeka, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi anamwino ndi madokotala aang'ono omwe anaphunzira za maganizo. Ena mwa iwo amathera nthawi yawo m'mawodi a amayi oyembekezera ndi a ana chifukwa cha kuchepa kwa ogwira ntchito.

Kuonjezera apo, mawu akuti chipatala cha amisala amaopsa anthu. Munthu amene akubisa kale chinthu chimodzi safuna kuti aonjezere chachiwiri.

Pachipatala chaching'ono cha Kawale kapena cha Area 25 mzere umayamba m'bandakucha. Dokotala mmodzi amaona anthu ochuluka pa tsiku, chitseko chimakhala chotsegula, ndipo wotsatira pamzere amamva zonse. Mlembi wa makadi kapena wokonza m'chipatala akhoza kukhala woyandikana naye nyumba. M'chipinda chotero mnyamata sanganene kuti chomwe chikumusowetsa tulo ndi chakuti chibwenzi chake chachimuna chamuopseza kuti chimuulula. Kwa munthu amene maonekedwe ndi mavalidwe ake sakugwirizana ndi dzina la pa chiphaso chake, mavuto amayambira pakhomo penipeni, dzina likamaitanidwa mokweza anthu n'kutembenuka.

Khomo la Edzi, ndi momwe linatsekekera

Kwa zaka zoposa khumi, khomo lomwe linali lotseguka kwa anthuwa linali la ntchito yolimbana ndi Edzi. Kafukufuku yemwe anachitika m'maboma asanu ndi awiri pakati pa 2011 ndi 2014, mogwirizana ndi yunivesite ya Johns Hopkins ndi bungwe la Centre for the Development of People, lodziwika kuti CEDEP, anapeza kuti amuna 18 mwa 100 aliwonse ogonana ndi amuna anzawo anali ndi kachilombo ka HIV, chiwerengero chokwera kuposa cha anthu wamba m'dziko muno. Pozindikira kuti mliri sungathe gulu lina litasiyidwa kunja, boma kudzera mu Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la National AIDS Commission linaika anthuwa m'ndondomeko zake za 2015 mpaka 2020 komanso za 2020 mpaka 2025 ngati gulu lofunika kulifikira mwapadera.

Apa ndi pomwe panabadwira malo ochezera ndi kulandirirapo chithandizo omwe mabungwe monga CEDEP ankayendetsa mu Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi madera ena, ndi ndalama za boma la America kudzera m'ntchito za LINKAGES ndi EpiC. Pa pepala, ntchito ya malowa inali kuyeza magazi, kugawa makondomu, kupereka mankhwala otalikitsa moyo ndi oteteza ku kachilombo. Koma anthu ankapitako pa zifukwa zinanso. Kunali mpando wokhalapo popanda woyang'ana ndi diso loipa, kunali alangizi omwe anali anthu a m'gulu lomwelo, ndipo munthu akamenyedwa usiku kunali womuperekeza kuchipatala ndi kupolisi m'mawa. Uphungu wa m'maganizo unkalowa ngati mlendo wobwera ndi mnzake, chifukwa ndalama zinali za Edzi.

Pa 20 Januwale 2025 mtsogoleri wa dziko la America a Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la kumaiko akunja, ndipo pasanathe sabata mabungwe analandira makalata oti aimitse ntchito. Chilolezo chomwe chinatuluka pambuyo pake chinabwezeretsa mankhwala otalikitsa moyo, koma mankhwala oteteza ku kachilombo chinawalola kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa okha. Bungwe la USAID linatsekedwa mu Julayi chaka chomwecho. Malo ambiri a mtundu umenewu m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nafe anatsekedwa kapena kuchepetsa ntchito, ndipo alangizi ambiri ntchito inawathera.

Mankhwala a ARV munthu atha kukawatenga kuchipatala cha boma, ngakhale mwamanyazi. Chomwe chinasowa cholowa m'malo ndi mpando uja. Ndipo ngakhale pa nthawi imene ndalama zinalipo, akazi okondana ndi akazi anzawo ankatsalira kunja, popeza sankawerengedwa m'gulu la omwe ali pachiopsezo chachikulu cha kachilombo. Apa pakuoneka kulakwika kwa maziko: umoyo wa m'maganizo wa gulu lonse la nzika unatsamira pa mliri umodzi ndi pa thumba la dziko limodzi lakunja.

Kudalirana okhaokha

Anthuwa sanangopinda manja. Bungwe la CEDEP, lomwe mkulu wake ndi a Gift Trapence, lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 2000, mogwirizana ndi bungwe la Centre for Human Rights and Rehabilitation la mu Lilongwe. Pali bungwe la LITE, lomwe linayambira mu Lilongwe momwemo ndipo limayang'ana kwambiri akazi okondana okhaokha, anthu obadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino ngati ndi za mwamuna kapena mkazi, ndi amene thupi lawo siligwirizana ndi momwe amadzimvera. Palinso Nyasa Rainbow Alliance, lomwe pa 26 Juni 2021 linachititsa ndawala yoyamba ya anthuwa m'misewu ya Lilongwe, kukapereka chikalata cha madandaulo ku khonsolo ya mzindawu. Oyenda anali ochepa, ndipo ambiri anabisa nkhope.

Bungwe lomalizali ofesi yolembetsa mabungwe inakana kulilembetsa mu 2017, ndipo nkhaniyo inapita kukhothi. Izi zikukhudza umoyo mwachindunji, chifukwa bungwe losalembetsedwa limavutika kutsegula buku ku banki, kuchita lendi ofesi m'dzina lake, kapena kulemba ntchito mlangizi wophunzira bwino. Ku Botswana makhothi analamula boma kuti lilembetse bungwe la LEGABIBO mu 2016, patatsala zaka zitatu kuti khothi lalikulu la dzikolo lithetse lamulo loletsa kugonana kwa amuna okhaokha mu 2019. Oweruza kumeneko anasiyanitsa ufulu wosonkhana ndi mlandu wa mchitidwe. Dziko la Mozambique linachotsa chilango chotere mu 2015, pomwe Zambia ikadali nacho.

Pansi pa mabungwe odziwikawa pali kudalirana kosalembedwa paliponse: magulu a pa WhatsApp, anzako osonkherana ndalama ngati banki nkhonde, wamkulu amene amasunga kwa masiku angapo mnyamata wothamangitsidwa kwawo. Kalikokha n'kanyama, ndipo anthu ambiri apulumukira m'manja mwa anzawo otere. Koma mnzako si dokotala. Iye yemwe ali ndi mabala ake, alibe ndalama, ndipo sadziwa chochita munthu akamuuza pakati pa usiku kuti wagula mankhwala a makoswe. Magulu a pa foni nawo ali ndi ngozi yake, pakuti munthu mmodzi wosakhulupirika akajambula zokambirana n'kuzimwaza, onse alowa m'madzi.

Mipingo ndi mizikiti, komwe Amalawi ambiri amatulira nkhawa, ili ndi chiphunzitso chake ndipo sikuoneka kuti isintha posachedwa. Mu Disembala 2023 maepiskopi a mpingo wa Katolika m'dziko muno anali m'gulu la oyamba kuletsa ansembe kudalitsa maubwenzi otere, chikalata cha ku Vatican chitangotuluka. Komabe malemu Papa Francis ananena mu Januwale chaka chomwecho kuti kukhala munthu wotere si mlandu woyenera chilango cha boma. Bungwe la atsogoleri a zipembedzo okhudzidwa ndi Edzi la MANERELA+ lakhala likukonza zokambirana pakati pa abusa, mashehe ndi anthu osalidwa. Mbusa sayenera kusiya chikhulupiriro chake kuti auze makolo kuti asamuthamangitse mwana, kapena kuti asunge chinsinsi cha nkhosa yomwe yamuululira za kukhosi.

Mpata wa lamulo latsopano

Lamulo la 1948 linalembedwa ndi maganizo otsekera wodwala kutali ndi anthu. Lamulo la 2025 likutsindika ufulu wa wodwala ndi kubweretsa chithandizo pafupi ndi komwe anthu akukhala. Ngati cholinga chimenechi chikwaniritsidwe, ndiye kuti mayeso ake enieni achitikira m'zipatala zazing'ono za m'madera, osati ku Zomba.

Njira yotsika mtengo ilipo ndipo inayesedwa kale. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a m'maganizo a Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, momwe amayi achikulire ophunzitsidwa mwachidule amakhala pa benchi kunja kwa chipatala kumvetsera munthu ndi kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, kwa maulendo asanu ndi limodzi. Kafukufuku wa anthu 573 yemwe anatuluka mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, 14 mwa 100 aliwonse omwe anakhala pa benchiyo ndi amene anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, kuyerekeza ndi 50 mwa 100 omwe analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi inayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe kudzera ku UNC Project, pakati pa amayi oyembekezera ndi achinyamata omwe ali ndi kachilombo. Alangizi aja omwe ntchito inawathera mu 2025 amawadziwa kale anthu awo ndipo anthuwo amawakhulupirira. Kuwaphunzitsa njirayi ndi kuwalumikiza ndi namwino wa za maganizo wa pachipatala cha boma kungadye ndalama zochepa poyerekeza ndi kumanga chipinda chimodzi chatsopano.

Chachiwiri ndi maphunziro a ogwira ntchito. Namwino ali ndi ufulu wa chipembedzo chake, koma malumbiro a ntchito yake amamulamula kusunga chinsinsi ndi kuthandiza aliyense. Kumuitana mnzake wa m'chipinda china kuti adzaone wodwala ngati chionetsero, kapena kumulalikira m'malo momulembera mankhwala, ndi kuphwanya malamulo a ntchitoyo. Wochitiridwa zotere atha kukadandaula ku ofesi yolandira madandaulo a odwala yomwe inakhazikitsidwa m'zipatala zikuluzikulu za boma, ku Medical Council of Malawi, ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena ku Malawi Human Rights Commission. Vuto n'lakuti kudandaula kumafuna kutchula dzina, ndipo ndi ochepa amene angalimbe mtima pokhapokha atatsimikiziridwa kuti dandaulolo silikathera kupolisi. Unduna wa Zaumoyo utalemba kalata yomveka kwa zipatala zonse yonena kuti ogwira ntchito alibe udindo wonenera wodwala pa nkhaniyi, mantha a mbali zonse ziwiri angachepe.

Pakadali pano munthu amene wafika pothedwa nzeru atha kuimba pa nambala ya Chipatala cha pa Foni ya 54747, kapena pa manambala a bungwe la YONECO, 116 ya ana ndi 5600 ya ochitiridwa nkhanza. Manambalawa ndi a Amalawi onse, ndipo ubwino wake ndi wakuti woimba saoneka nkhope. Amene wamwa kale mankhwala kapena wadzivulaza ayenera kuthamangira naye ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central nthawi yomweyo, ndipo womuperekeza sakakamizidwa kufotokoza za moyo wa wodwalayo kuti athandizidwe. Akatsitsimuka, achibale kapena anzake apemphe kuti aonane ndi namwino wa za maganizo asanatulutsidwe, komanso kuti apatsidwe tsiku lobwereranso, chifukwa masabata oyamba munthu atatuluka m'chipatala ndi amene chiopsezo choyesanso chimakhala chachikulu.